Andichotsa dzino lakumapeto, ululu ukungokula, ndithandizeni

Admin, ndibiseni dzina chonde.

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa zaka 27, ndimaphunzitsa Sitandade 2. Lachiwiri lapitali andichotsa dzino la chibwano lakumapeto kwenikweni, lija amati wisdom tooth, la m'munsi kumanzere. Linamera chogona n'kumakankha linzake, ndiye sikunali kungozula ayi. Anang'amba nkhama, kulidula pawiri, kenako kundisoka.

Kuchotsako ndilibe nako dandaulo, jekeseni inagwira bwino. Koma moyo wapambuyo pakewu ndiye sindinaukonzekere. Tsaya latupa ngati ndabisa chitumbuwa m'kamwa. Kuyasama ndikulephera, polowa chala chimodzi basi, moti supuni ya phala ndikumailowetsa chopendeka. Nsima sindinailawe chichotsereni. Dzulo ana amadya usipa wokazinga, ine ndikungomeza malovu, ndipo kumezako nakonso n'kowawa.

Lachitatu ndi Lachinayi zinali bwinoko ndi brufen ndi panado. Kuyambira Lachisanu usiku ululu wabwera wina, ukugunda mpaka m'khutu, mankhwala osamva. M'kamwa mukutuluka fungo loti bambo a kunyumba akungotembenukira kukhoma, osanena kanthu. Mlomo wam'munsi mbali yomweyo udakali wa dzanzi.

Ndiulule: tsiku loyamba lomwelo ndinachukucha mwamphamvu ndi madzi amchere chifukwa magazi amandinyansa, ndinamwanso maheu ndi straw. Lero ndi Loweruka, Lolemba ndikuyenera kukaima kutsogolo kwa ana oposa 80. Zimatere kapena ndalakwitsa penapake?

Mayi wina wogwira ntchito zamano: Asisi, pepani. Kutupa ndi kulephera kuyasama zimachitika, zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenako n'kumatsika. Koma ululu wobwerera pambuyo poti unayamba kuchepa, wofika kukhutu, ndi fungo, nthawi zambiri ndi dry socket. Pamene pachoka dzino pamaundana magazi, ndiwo amaphimba fupa. Kuchukucha tsiku loyamba, kuyamwa ndi straw kapena kusuta fodya kumawachotsa, fupa n'kutsala poyera. Madzi amchere ofunda amayamba pakatha maola 24, ndipo mongogwedeza mutu pang'onopang'ono. Bwererani komwe anakuchotsani, akatsukapo n'kuikapo mankhwala, ululu umatsika msanga. Mukayamba kutentha thupi, kutupa kukatsikira kukhosi kapena kumeza kukakanika, musadikire kuche.

Achimwene ena: Thiranipo kachasu pang'ono, kapena phwanyani aspirin muike pabalapo. Agogo anga ankatero.

Mayi wazamano uja: Achimwene, ayi ndithu. Aspirin amawotcha nkhama ndipo amachititsa magazi kuchedwa kuundana. Za dzanzi la mlomo, asisi, mitsitsi ya dzino limeneli imayandikana ndi mtsempha wopita kumlomo. Kwa ambiri limatha pakapita masabata, koma mukawauze alembe m'buku lanu lachipatala.

Mnzawo wina: Ine langa anachotsa chaka chatha. Chimene chinandisunga ndi mapeyala, nthochi zakupsa, chambiko ndi mbatata yophika yophwanyaphwanya. Phala lizizireko kaye. Mpunga ndi mtedza musayerekeze, tinalowa m'dzenjemo timpunga tiwiri ndinavutika tsiku lonse. Pogona sanjikizani mapilo awiri, mutu ukakhala m'mwamba kugundako kumachepa.

Bambo ena: Madamu, ana a Sitandade 2 saphunzitsika monong'ona. Pemphani kalata kuchipatala mukapereke kwa ahedi, mupume masiku angapo. Mkazi wanga anakakamira kupita kuntchito, pofika masana tsaya linali ngati mpira.

Mwini funso: Zikomo nonse. Straw uja ndimaona ngati ndachenjera, kani ndimadzipweteka ndekha. Ndaimbira kuchipatala, akuti ndipite pompano asanatseke 12 koloko. Ahedi ndawatumizira uthenga. Funso lina amayi azamano: ulusiwu umachoka wokha kapena ndikawafunse akachotse?

Mayi wazamano uja: Ulipo wosungunuka wokha, ulipo wofunika kuchotsa pakatha pafupifupi sabata. Akakuuzani womwe anakusokerani. Nyamukani, nthawi yatha.