Paipi ya mkodzo ya agogo, thandizeni

Mdzukulu_KK: Abale, agogo aamuna anawaika catheter (paipi yotulutsa mkodzo m'chikhodzodzo kupita m'thumba) kuchipatala kuno ku Nkhotakota, akuti prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) inatseka njira ya mkodzo. Lero m'thumba muja mkodzo ndi wochepa komanso wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, nditani ine?

NesiWaKuSalima: Achemwali yambani mwaona paipiyo ngati sinapindike kapena agogo sanaigonere, zimachitika kwambiri usiku. Thumba lizikhala mmunsi mwa chikhodzodzo nthawi zonse, koma lisagunde pansi. Muzilemba pa pepala ma ml omwe mwataya ndi nthawi yake, munthu wamkulu akamatulutsa wosakwana 400 ml tsiku lonse ndi nkhani ya kuchipatala imeneyo. Mukaona pamimba pamunsi patupa, akubuula, thupi latentha kapena ayamba kusokonezeka mutu, thamangani nawo osadikira mawa.

Chambo88: kutentha kwa kunyanja kuno madzi akumwa mokwanira koma? bambo anga ankakana dala ati thumba lisadzadze msanga kkkk, mpaka tinkawakalira ndi kapu

Mdzukulu_KK: Ee inapindikadi pansi pa ntchafu, ndawongola wayamba kuyenda. Posamba ndizitsuka ndi chani?

NesiWaKuSalima: Sopo ndi madzi oyera basi, musambe m'manja kaye, ndipo paipiyo osaikoka.