Mitengo yoyenera munda wa m'dambo

Wofunsa: Munda wanga uli m'dambo, madzi amakhalamo nyengo yonse ya mvula, koma dera lathu silizizira kwambiri. Kodi ndi mitengo iti ya mtundu wa kanjedza imene ingapirire malo oterewa?

Woyankha woyamba: Bzalani chiwale, chifukwa mizu yake imakonda chinyezi chosatha, ndipo masamba ake amatha kutalika mamita 20. Koma dziwani kuti thunthu lake limafa likangobereka zipatso kamodzi.

Wachiwiri: Kanjedza amakula bwino m'mphepete mwa madzi, komabe mbande zake muzibzale pamitumbira kuti zisaole zisanakhwime.

Wachitatu: Ngakhale izi si za mtundu wa kanjedza, pamene madzi saphwa mubzalepo gumbwa, ndipo koko (chomera cha mizu yodyedwa) akhale m'matope a m'mbali. Bango lokha musalilole, popeza limafalikira msanga n'kutsamwitsa zomera zina zonse.