Galu wanga wafooka mwadzidzidzi ndipo sakudya

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Galu wanga wa zaka ziwiri, yemwe amandichingamira akugwedeza mchira, kuyambira dzana wangoti khuma pakona. Chakudya akungochinunkhiza n'kuyang'ana kumbali, ngakhale nyama imene. Madzi okha ndiye akumwako pang'ono.

Nditamukweza mlomo ndaona nkhama zayera, si zofiirira ngati kale, ndipo m'makutu ndamuchotsa nkhupakupa zinayi zokhuta magazi. Kodi angakhale matenda a nkhupakupa otha magazi aja? Matenda a m'mimba a agalu otchedwa parvo ndikukayika, poti katemera analandira, komanso sakusanza kapena kutsegula m'mimba. Mankhwala a makoswe nawonso akundidetsa nkhawa, aneba anathira sabata yatha.

Inu amene zinakuchitikiranipo, ndidikire mpaka mawa kapena ndithamangire kwa dokotala wa ziweto lero lomwe?