Nyumba ya mapaundi 11.6 miliyoni koma makoma ake ndi audzu: amisiri, tandimasulirani

Mwana wa ku Bembeke:

Akuluakulu, moni nonse. Ine ndili ku Norwich kuno ku England, ndikupanga masitazi pa University of East Anglia, ndipo pasukulu pano pali nyumba ina imene yandisowetsa mtendere chifikireni. Dzina lake ndi The Enterprise Centre. Ili cha polowera, pafupi ndi Earlham Park, moti mlendo aliyense amayamba kuona iyo. Makoma ake ndi audzu. Sindikunena denga ayi, makoma enieniwo, gawo lalikulu lam'mwamba, ngati nkhokwe yoti aifolera cham'mbali.

Kuti mumvetse chimene chikundivuta, ndiyambe ndi kwathu. Ndili mu Sitandade 4, bambo anga anagulitsa kachewere wa dimba lonse n'kugula malata 24. Tsiku losasula udzu padenga mayi analuluta mpaka mawu kusasa, ndipo bambo anaima pakhonde n'kunena kuti tsopano nafenso ndife anthu. Udzu wakalewo tinautentha kuseri kwa khola. Kuyambira pamenepo m'mutu mwanga udzu ndi umphawi zinali chinthu chimodzi. Ndiye ndawoloka nyanja, ndafika kwa azungu, ndikupeza nyumba ya mapaundi 11.6 miliyoni atayiveka chinthu chomwe ife tinachitentha kuseri kwa khola.

Anaitsegula mu 2015. Anajambula pulani ndi a Architype, omanga ndi a Morgan Sindall, kukula kwake ndi masikweya mita pafupifupi 3,400. Matabwa ambiri a mafupa ake ndi a paini wochokera m'nkhalango ya Thetford, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera kuno. Mkati mwa makoma anaikamo nyuzipepala zakale zoperapera kuti chisanu chisalowe. Ndipo mbali ina yakunja anakhomako matabwa a iroko, mtengo wa kwathu ku Africa, omwe kale anali matebulo a m'malabu akale a pasukulu pomwepa. Apo ndinaseka ndekha: ndapeza m'bale wanga atapachikidwa pakhoma.

Tsiku lina m'mawa mu November, kukuzizira koopsa, ine nditavala majekete awiri, ndinaima pansi pa udzuwo n'kuuyang'anitsitsa. Si udzu wa nyankhalala ngati wa pakhitchini pa agogo. Ndi wothinana, wodulidwa mofanana ngati mutu wochokera kometa, ndipo wayamba kutuwa. Nditalowa mkati jekete imodzi ndinavula, pasanathe mphindi khumi inanso ndinavula, chikhalirecho simumveka kulira kwa makina alionse otenthetsa.

Chachiwiri, nyumbayi si ya ophunzira okha. Mbali imodzi ndi makalasi, mbali inayo muli timakampani tating'onoting'ono tomwe timachita lendi maofesi ndi madesiki, pakati pali holo ya anthu 300. Akuti cholinga n'choti ophunzira ndi amalonda azikumana.

Funso langa lili pawiri. Inu odziwa zomangamanga, udzu wa pakhomawu ndi nzeru zenizeni kapena ndi zodzikometsera za anthu okhuta? Nanga izi zoika makampani m'nyumba ya sukulu, wophunzira wamba ngati ine amapindulapo chiyani?

Injiniya wa ku Area 25:

Achemwali, nyumba imeneyo tinaiphunzirako, ndipo chinsinsi chake si udzu ayi. Udzuwo sukunyamula kanthu, ndiponso si umene unakuvulitsani majekete. Uli ngati chikhoto cha mvula: ntchito yake ndi kutchinga madzi ndi mphepo kuti zisafike pakhoma lenileni lomwe lili kumbuyo kwake. Ndi mapesi a tirigu wa komweko. Amisiri ofolera a ku Norfolk sanakwere pamakwerero n'kumafolera pamalopo. Anapatsidwa mabokosi amatabwa, n'kumawafolera ali m'mashedi mwawo nyengo yachisanu, nthawi imene ntchito ya madenga imasowa, kenako mabokosiwo anadzawakoleka pakhoma limodzilimodzi. Ndiye lina likadzaola, mungochotsa lomwelo. Komanso udzu woimirira susunga madzi ngati wa padenga, amangotsetsereka.

Chimene chinakutenthetsani ndi kamangidwe kotchedwa Passivhaus, kochokera ku Germany. Nyumba yoyamba yamtunduwu inamangidwa ku Darmstadt mu 1991. Lamulo lake ndi loti pachaka musawononge mphamvu yoposa 15 kWh pa sikweya mita imodzi potenthetsa nyumba, ndipo nyumbayo isatulutse mpweya m'ming'alu. Amaipopa ndi chifani chachikulu pakhomo n'kuyeza mmene ikupumira. Nambala yake imaonetsa kuti mpweya wonse wa m'nyumbamo ukusinthika kangati pa ola kudzera m'ming'alu, ndipo ikachepa ndiye kuti nyumba yatsekeka bwino: malire ake ndi 0.6, yanuyo inapeza 0.21. Kwa ife omanga, nambala imeneyo ndi imene imatichititsa kuvula chipewa, chifukwa zikutanthauza kuti kalipentala aliyense, wa mapaipi aliyense, wa magetsi aliyense anatseka bowo lomwe anaboola. Kuno kwathu wa magetsi amabwera pulasitala itauma n'kuyamba kugumula khoma ndi tchizulo.

Ndiye mawindo a magalasi atatu ophatikiza, nyuzipepala zija, ndi makina osintha mpweya omwe amalanda kutentha kwa mpweya wotuluka n'kupatsa wolowa. Matupi anu omwewo ndi makompyuta ndiye mbaula.

Za chifukwa chosankhira matabwa ndi udzu: kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya woipa wa kaboni padziko lonse. Ife vuto lathu lalikulu ndi njerwa zowotcha, uvuni umodzi umamaliza mitengo yambirimbiri, n'chifukwa chake mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa ntchito zomanga za boma ndi zamalonda. Koma taonani komwe tinathawira: mabuloko a simenti. Tachoka pa nkhuni tagwera pa simenti. Njerwa za dothi lothira simenti pang'ono, zopanikiza pamakina, zilipo, koma kasitomala ukamuuza amakuyang'ana ngati ukufuna kumumangira ya zidina.

Koma musatengere zonse. Iwo akulimbana ndi chisanu, ife ndi kutentha. Nyumba yotsekeka chonchi mukaimange ku Nsanje, magetsi athime mu October, mudzatulutsa anthu atapsa. Ife tikufunika khonde lalitali, mawindo oyang'anizana, denga lokwera. Ndipo ku England chiswe kulibe. Kuno khoma la matabwa ndi nyuzipepala mwachikonzera phwando.

Wofolera wa ku Mangochi:

Mwanangu wa ku Bembeke, nkhani yako andiwerengera ndi mdzukulu wanga, ndipo ndi iyeyo akundilembera. Ine ndafolera malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno zaka zoposa 30, ndiye pa udzu ndiyankhulepo.

Bambo ako sanalakwitse kugula malata. Udzu wa kumudzi umavuta chifukwa timaufolera mwaumphawi: denga logona, udzu wosapesa, kuponya mitolo n'kumanga ndi luzi, pansi pepala lapulasitiki lakuda. Chaka chimodzi, ziwiri, layamba kudontha, mbale ndi mapoto zili mbwee pansi usiku. Koma udzu womwewo ukaumweta utakhwima, cha mu June kapena July moto usanadutse, ukaupesa mtolo uliwonse kuchotsa masamba kuti patsale tsinde lokha, denga n'kuliimika motsetsereka kwambiri, madigiri 45 kapena kuposa, n'kuusoka mothinana, kuumenya ndi thabwa mpaka kusalala, umadutsa zaka khumi uli chilili. Mkati mozizira bwino masana, ndipo mvula ikamagwa mumamvana polankhula, osati phokoso la malata lija.

Chomwe chandikhudza ndi zomwe anena ainjiniyawa, zoti anzanga akumeneko anapatsidwa ntchito nyengo yomwe amakhala manja lende. Ife mvula ikayamba ntchito yatha, timabwerera kukhasu. Ndipo kuno wofolera samuyesa mmisiri. Womanga njerwa amamuitana bwana kontilakitala, ife amati aganyu a udzu aja. Anyamata anga atatu omwe ndinawaphunzitsa, awiri ali pa kabaza. Palibe sukulu ya ukachenjede imene inabwerapo kudzandifunsa kuti udzu wa mtundu uti umalimba, chikhalirecho mayankho ndili nawo m'manjamu.

Udzu nawonso ukusowa. Ana osaka mbewa amatentha tchire tisanamwete, ndipo madambo ambiri analimidwa. Masiku ano wabwino timachita kuitanitsa kutali pa lole.

Za moto usanyozere. Ndinaonapo nyumba yaikulu ikutha ngati chibwana chifukwa cha kandudu ka fodya.

Wa ku Johannesburg:

Asisi, ine za udzu ndasiyira akuluakuluwa, ndiyankhe funso lanu lachiwiri chifukwa linandiluma ndekha.

Ndinaphunzira pa yunivesite ina kuno ku South Africa, sindiitchula, yomwe inalinso ndi nyumba yotere: magalasi okhaokha, masola padenga, madzi a mvula osungira ku zimbudzi, zikwangwani za makampani pakhomo. Tsiku lotsegulira kunabwera akuluakulu, ife ophunzira anatiimika pambali pa makina kuti atijambule. Patatha mwezi ndinapita kuti ndikagwiritse ntchito makina omwewo, khadi langa silinatsegule chitseko. Mbali ya makampani inali ndi loko wakewake. Tinkaonerana pagalasi ngati nsomba. Kenako kampani ina inatitenga atatu kuti tiithandize kupanga kachipangizo koyezera madzi m'matanki, miyezi isanu, malipiro ake ndalama ya thiransipoti basi. Pepala lomwe tinasaina, ine osaliwerenga bwino, linkanena kuti chilichonse chomwe tapanga mmenemo ndi cha kampani. Lero akugulitsa, dzina langa palibe paliponse.

Sindikunena kuti kwanuko n'chimodzimodzi. Ndikungoti kukongola kwa nyumba sikukuuzani kanthu za amene akudya. Sukulu imapeza lendi, kampani imapeza adiresi yapamwamba ndi ana anzeru otchipa. Inu mukafuna kudziwa gawo lanu, yesani zitseko ndi khadi lanu, muone zingati zikutseguka. Ndipo pepala lililonse, werengani ndime ya umwini musanasaine, ngakhale akumwetulireni bwanji.

Injiniya wa ku Area 25:

Achimwene a ku Joni, pepani, zoterozo zimapweteka. Koma mbali inayo iliponso. Ine ndinamaliza pa Poly, yomwe pano ndi MUBAS, ndisanagwirepo makina oyezera kulimba kwa konkire oposa kawiri, ntchito yeniyeni ndinakaiphunzirira pasaiti, akundiseka akapitawo oti sanafike Fomu 2. Kukanakhala makontilakitala pakhomo loyandikana ndi kalasi, bwenzi manyazi amenewo nditawamalizira kusukulu. Pano pa MUBAS pali UniPod yomwe anaikhazikitsa mothandizidwa ndi UNDP, ya achinyamata ofuna kupanga zinthu. Ndikanakonda tsiku lina agogo a ku Mangochiwa atakaimirira kutsogolo kwa kalasi kumeneko, atanyamula mtolo wawo.

Mwana wa ku Bembeke:

Zikomo nonse, makamaka inu agogo, ndawerenga kawiri.

Achimwene a ku Joni, khadi ndayesa dzulo. Kumakalasi ndi malo okhala apakati ndimalowa bwinobwino, maofesi a makampani ndi a eni ake, ndipo apo sindikudandaula, nanenso sindingafune munthu azingolowa mu ofesi yomwe ndikulipira lendi. Koma ndazindikira kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikudutsana nawo anthu amenewa osawapatsa ngakhale moni. Ndiye dzulo lomwelo ndinalimba mtima, ndinakhala pafupi ndi mayi wina yemwe amadya sangweji yake payekha. Kampani yake ndi ya anthu anayi, amalangiza alimi za nthaka. Nditamuuza kuti kwathu timalima kachewere m'madimba kawiri pachaka opanda thirakitala, anasiya kudya n'kutulutsa kabuku. Tinacheza mpaka ndinachedwa kukalasi. Akuti tidzakumanenso Lachinayi. Kaya zidzabala chiyani, koma ndime ya umwini ndaisunga m'mutu.

Ainjiniya, mfundo yanu ya chiswe yandigwetsa ulesi pang'ono, chifukwa ndinali nditayamba kale kulota kanyumba kanga ka matabwa a ku Chikangawa. Komabe Bembeke si Nsanje. Amene anagonapo kwathu mu June akudziwa kuti m'nyumba yamalata mumazizira mpaka mano kuguguda, m'mawa madzi ali dontho dontho kuchokera kudenga ngati kwagwa mvula. Bambo sanavomerepo poyera, koma chifikireni malata aja, nyengo yozizira amakonda kukagona kukhitchini yaudzu, ati akulondera mbuzi.

Usiku ndinawatumizira chithunzi cha nyumbayi pa WhatsApp ya mlongo wanga, kenako ndinaimba. Anakhala chete nthawi yaitali, ine kumayesa netiweki yadula. Kenako anafunsa ngati eni akewo ndalama zinawathera asanagule njerwa. Nditawauza mtengo wake m'makwacha anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mayi kuti adzaone. Mayi sanaseke. Anakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kunena kuti amene anadula udzuwo ali ndi dzanja labwino.

Tisanatsanzikane bambo andituma kuti ndikafunse kuti azunguwo mtolo umodzi amagula zingati, chifukwa kudambo kwa amalume udzu wangokhala.