N'chifukwa chiyani chipale chofewa chimapha ng'ombe koma n'kuteteza tirigu?

Nachisale analemba kuti:

Ndili ndi funso kwa amene amadziwa za ulimi wa m'maiko ozizira kwambiri. Mwana wa mchemwali wanga akuphunzira zaulimi ku America, ndipo zimene amatiuza zikuoneka ngati zikutsutsana. Akuti alimi a tirigu a ku Kansas amadandaula nyengo yozizira ikadutsa popanda chipale chofewa chokwanira m'minda, pomwe oweta ng'ombe a kumpoto kwake amagona khutu lili kunja akangomva kuti kukubwera mkuntho wa chipale chomwecho. Ngati kuzizira kumeneku kumagwetsa ng'ombe yaikulu yonenepa, nanga kambewu kanthete ka tirigu kamapulumuka bwanji? Ndiponso ng'ombezo zinabadwira konko ndipo nyengoyo zinaizolowera, n'chifukwa chiyani zimafabe zambirimbiri pa usiku umodzi?

Mbewe anayankha kuti:

Mayi Nachisale, chimene chimapha ng'ombe nthawi zambiri si kuzizira pakokha, koma kunyowa kukaphatikizana ndi mphepo. Nyengo yozizira ikamayandikira, ng'ombe za mitundu ngati Angus ndi Hereford zimamera ubweya wautali ndi wothithikana umene umasunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu. Alangizi a ziweto a kumeneko amaphunzitsa kuti ng'ombe yaubweya wotere ikakhala youma siyamba kuvutika mpaka kuzizira kutafika pafupifupi madigiri 8 pansi pa ziro, koma ng'ombe yomweyo ikanyowa mpaka pakhungu imayamba kutaya kutentha kwa m'thupi ngakhale pa madigiri 15 pamwamba pa ziro, pamene ife kuno timangoti kwazizirako pang'ono. Mukaona chithunzi cha ng'ombe itaunjikana chipale pamsana, musaimvere chisoni. Mwiniwake amakondwa nazo, chifukwa chipale chosasungunukacho chikusonyeza kuti kutentha kwa thupi sikukutuluka.

Zimene zinachitika kumadzulo kwa South Dakota, chigawo china cha America cha kumpoto kwa Kansas, kumayambiriro kwa Okutobala 2013 zikuyankha funso lanu lachiwiri. Masiku ochepa m'mbuyomo kunali kukutentha ndithu, ng'ombe zinali zisanamere ubweya wa nyengo yozizira, ndipo zambiri zinali zikadali kubusa kwakutali, pamtetete, popanda mitengo kapena pobisala paliponse. Kunayamba mvula imene inagwa maola ambiri n'kuzinyowetsa, kenaka mvulayo inasanduka chipale cholemera, mphepo ikuthamanga liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Mumzinda wa Rapid City chipale chinaunjikana kupitirira theka la mita, ndipo m'madera ena a mapiri a Black Hills chinaposa mita yathunthu.

Ng'ombe ikamenyedwa ndi mphepo yotere imaifulatira n'kumangoyenda nayo osaima, mpaka itakafika pa mpanda wa waya kapena itagwera m'khwawa lodzaza ndi chipale. Za m'mbuyo zimakankha za kutsogolo, zimapondana, zina zimabanika, zina zimangogwa ndi kutopa. Kunja kutayera, eni ake ankazipeza zitafa mondondozana motsatira mpanda, zina makilomita angapo kuchokera pamene anazisiya. Zinafa ziweto masauzande makumi angapo, patangotsala milungu yochepa kuti ana a ng'ombe agulitsidwe, imene ndi nthawi yokhayo pachaka imene woweta wotere amagwira ndalama yooneka. Chinawonjezera ululu n'chakuti maofesi ambiri a boma lalikulu la America anali atatsekedwa kuyambira pa 1 Okutobala chifukwa cha kusagwirizana pa bajeti, ndipo lamulo lolipirira ziweto zofa linali litatha mphamvu, moti thandizo linadzabwera lamulo latsopano la zaulimi litasainidwa mu 2014.

Chisale wa ku Ntcheu anayankha kuti:

Ine ndiyankhepo za tirigu. Tirigu wa ku Kansas ndi wosiyana ndi amene amalimidwa kwathu ku Tsangano ndi ku Neno. Wawo amadzalidwa mu Seputembala kapena Okutobala, amamera n'kuphuka timphukira, kenaka amaima kukula nyengo yonse yozizira, n'kudzakololedwa mu Juni ndi Julaye chaka chotsatira. Mtundu umene unatchukitsa ulimi umenewu, wotchedwa Turkey Red, unafika ku Kansas m'zaka za m'ma 1870 ndi anthu a mpingo wa Mennonite ochokera kum'mwera kwa Russia wa nthawi imeneyo, kumene anali atazolowera kale chisanu choopsa. Tirigu wotere amafuna kuzizidwa kwa milungu ingapo, pa madigiri apamwamba pang'ono pa ziro, kuti adzatulutse ngala. Mukamudzala kumalo kotentha amangobiriwira ngati udzu osabereka kanthu.

Moyo wa mbewuyi suli m'masamba. Uli pa kaphata kamene kamakhala masentimita ochepa pansi pa nthaka, pamene mizu ndi mphukira zimachokera. Masamba akhoza kupsa onse ndi chisanu, koma kaphata kameneka kakakhala kamoyo, munda wonse umadzukanso kukayamba kufunda. Kuzizira kukamabwera pang'onopang'ono, mbewu imasunga shuga wambiri m'kaphatamo, ndipo mitundu yolimba kwambiri imapirira mpaka pafupifupi madigiri 20 pansi pa ziro. Apa ndi pamene chipale chofewa chimathandiza, chifukwa chimagwira ntchito ngati mapesi amene timaphimbira nawo nthaka m'munda: m'kati mwake muli mpweya wambiri, moti chikangokwana masentimita 10 nthaka ya pansi pake siizizira mofanana ndi mphepo ya pamwamba. Chikasungunuka chimasiyanso chinyezi, chimene kumadzulo kwa Kansas, dera louma, n'chamtengo wapatali.

Komabe tisamaone ngati tirigu ali pabwino nthawi zonse. Munda wopanda chophimba ukawombedwa ndi mphepo yozizira, makamaka nthaka ikakhala youma, mbewu imafa. Chipale chikasungunuka masana n'kuundananso usiku, pamwamba pa munda pamayalika ayezi wolimba amene amatsekereza mpweya, mbewu n'kubanika pansi pake. Nthaka yadongo ikamaundana n'kumasuka mobwerezabwereza imakankhira mbewu m'mwamba, mizu n'kuduka. Choopsa kuposa zonse ndi chisanu chobwera mochedwa. Mu Marichi 2007 kunafunda msanga, tirigu anadzuka n'kuyamba kukwera, kenaka sabata ya Pasaka mu Epulo kunabwera chisanu chimene chinawononga minda yambiri ku Kansas ndi m'zigawo zina, pamodzi ndi maluwa a mitengo ya zipatso. Kuzizira kumeneko sikukanamuchita kanthu mu Januwale.

Nachisale anafunsanso kuti:

Zikomo nonse awiri. Koma Bambo Mbewe, ngati vuto ndi kunyowa ndi mphepo, bwanji osangozimangira makola ofolera n'kumazitsekera mkuntho ukamabwera?

Mbewe anayankha kuti:

Mayi, ng'ombe zamkaka zimakhaladi m'makola otero. Koma zanyama, m'madera ouma ngati amenewa, zimafuna malo aakulu kwambiri, mwina mahekitala 10 kapena kuposerapo pa ng'ombe imodzi ndi mwana wake, ndiye munthu wokhala ndi ng'ombe mazana angapo amakhala atazimwaza pa malo oti kuzisonkhanitsa n'kuzikusira kunyumba kumadya tsiku kapena masiku. Chimene amachita n'kuzisamutsira pafupi nyengo isanafike, kumene kuli mitengo yodzalidwa m'mizere kapena matabwa otchinga mphepo, n'kumaziperekera udzu wouma umene anamweta nthawi yotentha. Udzuwo si chakudya chabe. Ukamagayika m'chifu umatulutsa kutentha, choncho kukazizira amawonjezera mlingo wake. Madzi nawonso ndi nkhani yaikulu, chifukwa pomwera pakaundana ng'ombe imasiya kudya bwino, moti m'mawa uliwonse wina amayenera kukaswa ayezi ndi nkhwangwa ngati palibe zotenthetsera zamagetsi. Ana obadwa usiku wozizira amatha kuduka nsonga za makutu ndi michira, ndipo nkhunzi yogona pa nthaka youndana popanda udzu woyala imatha kupsa kumaliseche n'kulephera kubereketsa kwa miyezi.

Nangozo anayankha kuti:

Bambo Mbewe, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma ndikuona kuti mwachepetsa mbali ya njala. Miliri ikuluikulu ya ziweto m'nyengo yozizira kawirikawiri imayambira pa chilala cha miyezi ya m'mbuyo. M'chaka cha 1886 kunali chilala ku Montana, Wyoming ndi Dakota, mabusa anali atadzaza ng'ombe mopitirira muyeso, ndipo oweta ambiri nthawi imeneyo sankasunga udzu n'komwe. Ziweto zinalowa m'nyengo yozizira zili zowonda, chipale chinaundana pamwamba pa kaudzu kotsalako, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1887 mitembo inali mbwee m'mitsinje. Theodore Roosevelt, amene anadzakhala pulezidenti wa America, anataya gawo lalikulu la ng'ombe zake pafupi ndi tauni ya Medora ku Dakota. Kumweta udzu ndi kuusunga kumene mukunenaku kunafala pambuyo pa tsoka limeneli. Ku Mongolia n'chimodzimodzi: dzud (nyengo yozizira koopsa yopha ziweto zambiri) ya 2009 mpaka 2010, imene inapha ziweto zoposa 8 miliyoni, inabwera pambuyo pa nyengo yotentha yopanda mvula yokwanira. Chiweto chopanda mafuta m'thupi chimafa ngakhale ubweya wake uli wouma.

Pali njira inanso imene chisanu chimawonongera ulimi wamakono, imene ilibe chochita ndi ubweya. Mu Febuluwale 2021 ku Texas magetsi ndi gasi zinaduka kwa masiku, anapiye anafa m'makola aakulu a nkhuku, alimi anataya pansi mkaka chifukwa mafakitale anaima ndipo magalimoto sankayenda, ndipo zipatso za malalanje ndi manyumwa za ku Rio Grande Valley zinaundana zili m'mitengo. Akatswiri a Texas A&M AgriLife, nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya Texas A&M, anawerengera kuti ulimi unataya ndalama zosachepera madola 600 miliyoni.

Chisale wa ku Ntcheu anawonjezera kuti:

Mfundo ya kunyowa ndi mphepo ija ikutikhudza ngakhale ife amene chipale timangochionera pa kanema. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwira masiku angapo kumapiri, amene amayamba kufooka ndi ana a mbuzi ndi anapiye, makamaka pamene khola likudontha kapena khomo lake laloza kum'mwera chakum'mawa kumene mwera amachokera. Mbewu za kudimba monga tomato, nyemba ndi mbatata ya kachewere sizili ngati tirigu wa ku Kansas, sizidziwa kudzikonzekeretsa, ndiye chisanu cha usiku umodzi wopanda mitambo chimazipsereza. Chimayambira m'munsi mwa dambo, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umatsetserekera kumeneko, moti mudzapeza mizere ya kumunsi itada bii pomwe ya kumtunda kwa dimba lomwelo ili bwinobwino.