Ndani amaunika mapulani opewera moto wolusa ku California?

Nachisale_wa_mawaya:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuphunzira zamagetsi, ndipo nkhani ya moto wolusa wa Camp Fire wa 2018 yandikhudza kwambiri. Anthu 85 anafa, tauni ya Paradise inapsa pafupifupi yonse, gwero lake kachitsulo kokolekapo waya kamene kanaperepeseka pa laini yakalekale ya kampani yamagetsi ya PG&E. Tsono lero kampani ikalemba pulani yopewera moto, amaiunika ndani? Kapena imangodzichonga yokha?

Phiri_Fresno:
Ayi achemwali, siyidzichonga yokha. Lamulo la SB 901 la 2018 limakakamiza makampani amagetsi ku California kupereka mapulani. Kuyambira July 2021 amaunika ndi a Office of Energy Infrastructure Safety, ofesi ya boma la California. Amayang'ana kudulira mitengo, kusintha mapolo, kuveka mawaya chikuto, ngakhale kuzimitsa magetsi dala kukakhala chimphepo chouma.

Gogo_Injiniya:
Mwana wanga, mkangano weniweni uli pa ndalama. Mu 2021 PG&E inalengeza kuti ikwirira pansi mawaya otalika mamailosi 10,000. Waya wapansi nthambi siyingaukhudze, zoona, koma mailosi imodzi imadya mamiliyoni a madola, ndipo olipira ndi makasitomala kudzera m'mabilu. Mu 2023 CPUC, bungwe la boma loyang'anira makampani amagetsi, inaloleza mamailosi 1,230 okha mpaka 2026. Ine ndimagwirizana nazo: kwirirani m'malo oopsetsetsa, kwinako ikani mawaya okutidwa, otchipa komanso ofulumira kuika.

Nachisale_wa_mawaya:
Zikomo agogo. Nanga amapita kukaona ngati mitengoyo yadulidwadi?

Phiri_Fresno:
Eya, amatumiza anthu awo kukayendera malaini, ndipo akapeza zolakwika amalembera kampani kuti ikonze.