Fulati ya m'nyumba yakale ku Down Shops: tiyambire pati kuti mkati mukhale mwapamwamba?

Wa_Kalongwezi:
Akuluakulu odziwa zomanga, ndigawireniko nzeru. Pali fulati ya zipinda ziwiri ndi balaza kuseri kwa sitolo yakale ku Down Shops, nyumba ya nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson. Makoma ndi okhuthala, a njerwa zootcha, siling'i ili mamita 3.6 kuchokera pansi, ndipo pansipo ndi simenti yofiira ija. Womanga wina akuti tigwetse pulasitala yense, timate simenti yatsopano, tiike matailosi onyezimira ndi siling'i yotsika ya gypsum. Koma m'munsi mwa makoma penti ikutukumuka, pakutuluka zoyera ngati mchere. Tiyambire pati?

Mmisiri_Kapata:
Amai, za matailosi ziyambe zadikira. Zoyerazo ndi mchere ndithu. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zilibe chotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, ndipo njerwa zake anamangira dothi kapena laimu. Madzi amakwera m'njerwa kuchokera m'nthaka, n'kuuma kudzera m'pulasitala. Mukamata simenti yolimba n'kupaka penti ya mafuta mwatseka potulukira, ndiye chinyezicho chimakwera kupitirira pomwe chinali, pulasitala n'kuyamba kulira ngati ng'oma mukagogoda.

Yambani panja. Dothi lozungulira nyumba likhale lotsika ndi masentimita 15 kapena kuposerapo kuchokera pa msinkhu wa pansi pa m'nyumba, lotsetserekera kutali ndi khoma. Nthawi zambiri mupeza kuti anthu akhala akuwonjezera simenti pakhonde mpaka madzi a mvula akutsamira khoma. Konzani malata odontha ndi magata. Mukatero gwetsani pulasitala wovunda yekhayo, kufika masentimita 30 pamwamba pa mzere wa chinyezi, khomalo mulisiye lamaliseche. Ntchito imeneyi ndi ya mu Meyi mvula itatha, kuti liume mpaka Seputembala. Khoma lokhuthala siliuma pa sabata ziwiri.

Pomata, sakanizani ndowa 1 ya laimu ndi ndowa 3 za mchenga wa kumtsinje wosefa. Matani kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse osapitirira sentimita imodzi, ndipo muziwaza madzi masiku angapo kuti asaume mothamanga n'kung'aluka. Pamwamba pakani njereza yosungunula bwino, kanayi kapena kasanu. Khoma lotere silinyezimira, koma dzuwa likalowa pazenera limakongola kuposa penti iliyonse ya m'chitini.

Musanagwetse khoma kapena kukulitsa zenera, fikani ku Chipata City Council. Ngati nyumbayo inamangidwa chisanafike chaka cha 1924, lamulo limaiteteza, ndiye mufunsenso a National Heritage Conservation Commission, bungwe loteteza malo ndi nyumba zakale.

Wa_Kalongwezi:
Zikomo atate, ndamva. Koma pansi pofiirapo ndi pomwe pakundikayikitsa. Kodi alendo sadzaona ngati tinasowa ndalama?

Wokongoletsa_Nyumba:
Ayi amai, pansi pamenepo ndiye chuma cha nyumbayo. Matailosi amapezeka m'nyumba iliyonse yatsopano, koma simenti yofiira yopondedwa zaka zambiri simungaigule. Komanso mukaphimba pansi ponse ndi matailosi, chinyezi cha m'nthaka chithawira kumakoma amene mwangokonza kumene. Chotsani polishi yakale yonse, tsekani ming'alu ndi simenti yosakaniza ndi red oxide (ufa wofiiritsa simenti), ndipo muyese kaye pakona yobisika chifukwa mtundu umasintha ikauma. Kenaka polishi yopyapyala kangapo, kupukuta mwamphamvu. Matailosi akhale a kubafa ndi kuseri kwa sinki basi.

Siling'i musaitsitse. Kutalika kuja ndi kumene kumapulumutsa m'Okutobala, mpweya wotentha umakwera pamwamba. Ikani fani yolendewera, mapiko ake akhale mamita 2.4 kapena kuposerapo kuchokera pansi. Makatani apachikidwe pafupi ndi siling'i afike pansi, nsalu yake ikhale kawiri m'lifupi mwa zenera kuti ipindike bwino.

Ndalama zanu zipite ku matabwa. Mlombwa, umene ambiri kuno amati mukwa, ndi woyenera zitseko, makabati ndi tebulo: sufota kwambiri ndipo chiswe sichiukonda. Koma ukhale wouma, chinyezi chake chili cha m'ma 12 peresenti, ndipo matabwawo agone m'nyumbamo sabata ziwiri kalipentala asanayambe. Matabwa aawisi ndi amene amapangitsa kuti zitseko za kabati zikane kutsekeka. Pakani mafuta kapena phula, osati vanishi yonyezimira imene imabisa mizere ya mtengo. Makabati asagunde khoma lakunja, siyani mpata wa masentimita 5 kuti mpweya uziyenda, apo ayi nkhungu igwira zovala.

Mitundu isachuluke. Pansi pofiira, makoma oyera, matabwa ofiirira, zakwana. Powonjezera, nsalu zojambulidwa pamanja za ku Mfuwe pa mapilo, ndi dengu lalikulu limodzi kapena awiri pakhoma. Zitseko zakale ndi zogwirira zake zamkuwa zitsukidwe, zibwerere pamalo pake.

Wa_Malaiti:
Ndiwonjezereko pa zomwe anena akuluakuluwa. Mawaya onse alowe pulasitala asanamatidwe, musadzaswenso khoma lokonzedwa. Akale achoke onse. Masoketi ndi waya wa 2.5 mm², magetsi ounikira 1.5 mm², giza ndi chitofu chilichonse ndi buleka yake, pabolodi pakhale earth leakage, kachipangizo kozimitsa magetsi akayamba kuthawa m'mawaya. Kokerani mzere wapadera wa inveta (makina opereka magetsi a m'mabatire) wopita ku magetsi, fani ndi firiji, kuti ZESCO ikazimitsa musayale mawaya pansi. Mababu akhale a LED a 2700K kapena 3000K, owala mwachikasu pang'ono. Oyera kwambiri a 6500K amachititsa njereza ndi mlombwa kuoneka ngati m'chipatala. M'chipinda chotalika chonchi babu limodzi pakati silikwana, ikani a pakhoma pa mamita 1.8.

Mmisiri_Kapata:
Chinanso amai, musanatume munthu kudenga. Mabolodi ena a siling'i akale ndi a asbestos. Ngati ndi olimba, otuwa, ndipo sanasweke, apakeni penti muwasiye. Asawadule ndi chopukusira kapena kuwaboola, fumbi lake limawononga mapapo. Penti yakale ya pazitseko nayonso ikhoza kukhala ndi mtovu, ndiye aipale itanyowa, atavala chotseka pamphuno. Ali komweko agogode mitanda yonse ndi nyundo. Umene ukulira ngati mulibe kanthu mkati, chiswe chadya, usinthidwe siling'i isanapakidwe.